Shanta Si Ndiwo

Tsiku limene Towela anakumana ndi Gershom, anali ndi maso otupa ndi kulira, katoni m'manja, ndi ukali wokwanira anthu atatu.

Panali pa siteshoni ya minibasi m'tauni ya Kafue, dzuwa likuswa mtengo. Bambo ake anali atangoikidwa m'manda. Mkuluyo anakalambira pa ntchito ya njanji, yolumikiza mabogi, ndipo atapuma anayamba kuweta akalulu kuseri kwa nyumba. Koma pamaliro pamafunika ndiwo. Achibale ochokera ku Petauke anadya akaluluwo mmodzimmodzi mpaka khola linatsala pululu!

Towela anapulumutsa kamodzi kokha, kamwana koyera mbee, ka maso ofiira, kamene anakabisa m'basiketi ya zovala. Anakatcha Shanta, dzina limene anzawo a kunjanji ankaitanira bambo akewo.

"Ba sisi, ndiwo iyo ikwere kumbuyo na masaka!" anakuwa kondakitala atasuzumira m'katoni.

"Ndiwo ni imwe!" anayankha Towela. "Uyu ni Shanta, ndipo azakhala pamiyendo panga."

Anthu anaseka. Pamenepo mnyamata wina wa ovolosi ya ku fakitale ya feteleza anasendera kuzenera n'kumusiyira malo.

"Musiyeni akwere, ni mlamu wanga uyo," anatero.

Towela anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mlamu wanu kuyambira liti?"

"Kuyambira manje manje. Ine ndine Gershom."

Kaya zinatheka bwanji, koma pofika ku Esiteti, kumene Towela ankachita lendi kachipinda, mnyamatayo anali atatenga nambala ya foni ndipo mwana wamasiye uja anali ataseka koyamba chichokereni kumanda.

Eee, Gershom pakamwa ankapatha! Towela ankati akakhala pa makina ake osokera mumsika, foni sinkapuma.

"Towe wanga, ukamwetulira, na sitima iima kuti ione."

"Duwa langa, wadya? Nanga mlamu wanga wadya?"

Madzulo ankabwera ndi kholowa ndi masamba a kabichi m'pepala, n'kukhala pansi kumadyetsa Shanta pamanja. Tsiku lomuveka mphete anagwira dzanja la Towela pachifuwa pake n'kulumbira: "Amene ukonda iwe, na ine nimukonda. Sinizakunamiza, mtima wanga, ngakhale pa kanthu kang'ono."

Ndani sakanakhulupirira? Towela anakhulupirira ndi mtima wonse.

Ndiye Shanta anakula.

Kalulu uja anali waukhondo, wodziwa kabeseni kake ka utuchi pakona. Koma mwadzidzidzi anasanduka wina. Ankathamanga mozungulira mapazi a Towela uku akung'ung'udza, kenako n'kudumpha, n'kudzipotola m'malere, mkodzo uli waa! Pakhoma, pakatani, pamtsamiro, ngakhale pachitenje cha kasitomala chimene Towela anabwera nacho kudzamalizira kunyumba. Ndipo fungo lake, abale inu, linkakulonjera usanalowe pakhomo.

Towela sanagonje. Ankapukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi mpaka manja kuyera. Nsalu za anthu anazitsekera m'mapepala a pulasitiki. Anatchinga ngodya ya chipinda ndi waya. Zonsezo Shanta ankangoziona ngati masewera.

Potsiriza anakafunsa kwa dokotala wa ziweto ku Boma.

"Sakudwala ayi, wangokula," anatero dokotalayo. "Mphongo ikafika msinkhu magazi amawira. Chimene yakonda imachiwaza, kuti aliyense adziwe kuti n'chake. Kumumenya n'kutaya nthawi. Mankhwala ake n'kumufula basi, koma kalulu si mbuzi yoti mungafulire pansi pa mtengo. Mupite naye ku Lusaka, kwa odziwa ziweto zazing'ono, akamugoneke kaye ndi mankhwala. Ndipo musayembekeze kuti asiya tsiku lomwelo. Pamapita masabata angapo magazi asanazizire."

Towela anabwerera kunyumba akuseka yekha m'njira. Kani mkodzo wonsewo unali chikondi?

Gershom naye anaseka, tsiku loyamba kuwazidwa. Kachiwiri anangomwetulira ndi mano okha. Kachitatu, pamene shati yake yoyera ya kutchalitchi inalandira madontho achikasu mpaka pakolala, anaima n'kukankha Shanta ndi nsapato.

"Osamuponda!" anakuwa Towela.

"Sinamuponde, namusuntha chabe."

Koma tsoka lenileni linadza Lachisanu lina, pamene mayi ake a Gershom anapatuka kudzaona kumene mpongozi wawo amakhala. Ankachokera ku Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, atavala bulauzi yoyera yosita bwino, duku loyera kumutu. Towela anawapatsa mpando n'kugwada. Asanamalize n'komwe malonje, Shanta anatulukira pansi pa waya. Anazungulira miyendo ya mayiwo kamodzi, kawiri...

"Shanta, iwe!"

Mochedwa. Bulauzi ya Chigwirizano inalandira zake kuyambira paphewa mpaka m'chiuno.

"Mayo ine!" Mayiwo anaimirira. "Kodi n'zoona zimene ndikuonazi? Ndiwo kugona m'nyumba ngati munthu? Gershom, tenga mpeni, kanthu aka kalowe mumphika lero lomwe!"

Towela sanadzuke pamene anagwadapo. Mawu ake anali otsika, koma osagwedezeka.

"Amayi, pepani kwambiri. Bulauzi ndichapa ine, ndisita ine. Koma Shanta saphedwa."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati saphedwa, amayi. Ndi wa malemu bambo anga."

"Ndiye usankhe, mwanawe. Kwanga sikudzalowa mkazi wonunkha mkodzo wa kalulu."

Atawaperekeza mayi ake, Gershom anabwerera nkhope ili gwaa.

"Towe, wanichititsa manyazi. Ni kalulu chabe uyu!"

"Kwa imwe ni kalulu chabe. Munanipeza naye, Ba Gershom. Wokwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ngati zavuta, mphete yanu ni iyi."

Ataona chala chikugwira mphete, mnyamatayo anafewa nthawi yomweyo. Anagwada, anamugwira manja onse awiri.

"Iyayi, switi wanga, tisafike uko. Si anakamba a dokotala kuti akafulidwa azasiya? Iwe uli na madiresi ya anthu ya ukwati yofunika kutsiriza. Nizamupereka ine neka ku Lusaka. Nizamunyamula monga mwana wanga."

Towela analira ndi chisangalalo. Mwamuna wotere ukamupeza kuti? Loweruka m'mawa anayala kansalu kofewa m'katoni, anapsompsona Shanta pamphumi, n'kumupereka m'manja mwa bwenzi lake.

Tsiku lonse mauthenga ankangogwa.

"Tafika, duwa langa. Mlamu ali bwino."

"Walowa manje. Pemphera."

"Zayenda bwino! Akuti atsale kuno masiku ang'ono apole."

Pakati pa sabata Gershom anabwera ndi katoni ija. Munali kalulu woyera mbee, wa maso ofiira, ali phee pakona. Gershom anamunyamula n'kumutembenuza.

"Ona, zonse zachoka."

Towela anayang'ana. Zoonadi, panalibe kanthu.

"Nanga chilonda chili kuti?"

"Masiku ano achita na makina, sipaoneka."

Kuyambira tsiku lomwelo mkodzo unatha. Khoma linauma, katani inasiya kununkha. Mawu a dokotala wa ku Boma aja, akuti pamapita masabata, anamubwerera Towela m'mutu, koma iye anawakankhira kutali. Munthu ukakonda, umafunsa mafunso ambiri ngati?

Mayi ake a Gershom anakhululuka. Ankhoswe anakumana, tsiku la ukwati linatchulidwa, ndipo Towela anayamba kudzisokera yekha diresi.

Komatu mumtima munalibe mtendere. Ankati akaitana, "Shanta! Shanta!" kalulu sankatembenuka n'komwe. Sankazunguliranso mapazi ake. Akafuna kumusisita, ankathawira pansi pa bedi.

"Gesho, wanikwiyira," anatero Towela tsiku lina, misozi ikugwera pashati ya bwenzi lake. "Namuononga ine. Atate ananisiyira kanthu kamodzi chabe, ine nakapereka ku mpeni kuti nikondweretse anthu."

Gershom anamusisita mutu pang'onopang'ono. "Usalire, mtima wanga. A dokotala anakamba kuti amasintha khalidwe. Azakuzolowera futi."

Si kamodzi kapena kawiri pamene Towela analira chotero. Ndipo nthawi zonse dzanja lomusisita linali lomwelo.

Kenako kalulu anayamba kunenepa mimba. Posakhalitsa anayamba kutola udzu ndi pakamwa n'kumakaunjika kuseri kwa sutikesi. Tsiku lina Towela anamupeza akudzizula ubweya pachifuwa, ndipo ndi mantha analembera Gershom.

Yankho linabwera msanga: "Ni mphamvu ya mankhwala, switi. Osadandaula."

Lamlungu m'mawa, akusesa kuti akonzekere kutchalitchi, Towela anasuntha sutikesi ija. Mulu wa ubweya unagwedezeka. Anawerama, anatsegula ndi chala, ndipo tsache linamugwa m'manja.

Tiana! Tofiira, topanda ubweya, maso otseka, tikupiringizana.

Mphongo yofulidwa ku Lusaka inali itabereka!

Towela anakhala pansi pomwepo. Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira kowawa, kochokera m'mimba. Uyu sanali Shanta. Sanakhalepo Shanta. Nanga mwana wa bambo ake anali kuti? M'mimba mwa ndani?

Atapukuta maso analemba uthenga waufupi: "Bwerani muone mlamu wanu."

Gershom anafika ataponya suti ya kutchalitchi, akununkhira perefyumu.

"Shani, duwa langa? Mlamu ali bwanji?"

Towela anangokoka sutikesi n'kuloza.

Chozemba chinakumana ndi chokwawa! Gershom anayang'ana tianato, kenako anayang'ana kudenga.

"Mwina... mwina ku chipatala anasokoneza..."

"Ba Gershom." Towela anaima pakhomo n'kupinda manja. "Bodza lina limodzi, nizakuwa mpaka Esiteti yonse ibwere ione mphongo yanu yobereka. Shanta ali kuti?"

Mnyamatayo anakhala pabedi, mapewa atagwa.

"Ali ku Chanyanya, kwa ba Idah ogulitsa nsomba. Asunga akalulu. Anali kufuna mphongo, ndiye tinasinthana. Ninasankha woyera monga yeve. Sininadziwe kuti ali na mimba."

"Ku Lusaka simunapite?"

"Towe, ganiza naiwe! Mwamuna mkulu ine, kukwera basi na kalulu kuti akamufule? Anzanga ku fakitale akanamva, nikanayenda bwanji? Ninachitira ife, mtima wanga. Ona, amayi akondwa, nyumba sinunkha..."

"Walowa manje, pemphera," anatero Towela mwapang'onopang'ono. "Ninagwada pakati pa msika ine, kupempherera kalulu amene munali mutamutaya kale."

Anavula mphete. Mtima unkamupweteka ngati wina akuukanda ndi singano, pakuti ankamukonda mnyamatayu, ankamukondadi. Koma anawerama n'kuiika mpheteyo m'kabeseni ka utuchi kaja.

"Itoleni mmenemo. Potuluka mutseke chitseko, tiana tingazizidwe."

Kutchalitchi sanapite. Anakwera kagalimoto ka ogula nsomba, atapanikizika pakati pa madengu ndi mabeseni, fumbi likulowa m'kamwa. Njira yonse ankangoti, "Mulungu, ndimupeze wamoyo."

Ku Chanyanya aliyense ankawadziwa ba Idah. Towela anawapeza kuseri kwa nyumba akutembenuza nsomba pathandala, mayi wamkulu thupi, mpeni uli m'chiuno. Atamva nkhaniyo anawomba m'manja.

"Yaba! Uja mnyamata ananiuza kuti mwine wake wamulema! Mwana wanga, wachita mwayi. Ntchito ya mphongo anatsiriza, manje anangotsala kuniwazira nsomba zanga zouma. Sabata ino anali kulowa mumphika."

Anamulondolera ku kakhola ka waya pafupi ndi bango. Munali kalulu wowonda, ubweya utasanduka wachikasu, atabisa mutu pakona.

"Shanta," anaitana Towela.

Makutu anaima njo.

Ba Idah atatsegula kachitseko, kalulu anatuluka ngati muvi. Anazungulira mapazi a Towela, akung'ung'udza, anazunguliranso, anazunguliranso. Kenako anadumpha, anadzipotola m'malere, ndipo diresi ya Towela ya Lamlungu inanyowa kuyambira m'mawondo mpaka pachifuwa.

"Aaa! Kanthu kopanda ulemu aka!" anakuwa ba Idah.

Koma Towela anali atagwada m'fumbi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, nkhope ataikwirira muubweya wonunkhawo.

"Musiyeni, amayi. Akuniuza kuti ndine wake."

Anagwirizana kuti tiana tikasiya kuyamwa, Towela adzabweza mayi wawo pamodzi ndi ana onse. Ba Idah anamupatsa katoni ndi nsomba ziwiri zouma za panjira.

M'mawa mwake Towela sanatsegule makina. Anafika pa siteshoni ya minibasi za ku Lusaka, katoni ili m'manja, ulendo wokafulitsa Shanta yekha. Gershom anali pomwepo, atavala ovolosi, maso ali psuu. Wina anali atamutsina khutu.

"Towe, duwa langa, nimvereko. Ukwati uli pafupi, makhadi tinagawa kale. Anthu azakamba chani? Uzasiya mwamuna chifukwa cha kalulu shuwa?"

Anthu a pa siteshoni anatchera makutu. Towela sanatsitse mawu.

"Akambe zimene afuna. Sinikusiyani chifukwa cha kalulu, Ba Gershom. Mwezi wonse ninalira pachifuwa panu kuti namuononga Shanta. Imwe munali kudziwa zonse, koma munali kungonisisita mutu."

"Nikhululukire, switi. Leta katoni, tipite tonse. Nizanyamula ine, onse aone!"

"Munanyamulapo kale."

Gershom anatambasula dzanja, koma Towela anakumbatira katoni n'kumudutsa. Pachitseko cha minibasi panali kondakitala yemwe uja. Anasuzumira m'katoni, anatsegula pakamwa kuti alankhule, kenako anaona nkhope ya Towela.

"Ba Shanta akwere kutsogolo!" anakuwa.

Minibasi itadutsa njanji, foni inalira. "Mtima wanga, popanda iwe..." Towela sanawerenge mpaka kumapeto. Anafufuta uthengawo, anafufutanso nambala, misozi ikutsika mwakachetechete.

Asanafike n'komwe ku Shimabala, anamva kufunda pamiyendo. Pansi pa katoni panali patanyowa. Mayi amene anakhala naye pafupi anakwinya mphuno n'kutsegula zenera.

"Ba sisi, ikani pansi icho chinthu, chizakuonongerani siketi."

"Siketi ichapika," anatero Towela, ndipo katoni sanaisunthe.